Mmene mungaonere caribou m'mbali mwa msewu wa Dempster

Mukafuna kuona gulu la caribou (nyama zonga agwape akuluakulu za kumadera ozizira kwambiri) lotchedwa Porcupine, lomwe linali ndi nyama pafupifupi 218,000 pa kawerengedwe ka 2017, pitani ku Yukon, kumpoto kwa Canada, cha mu Okutobala kapena Novembala. Msewu wa Dempster ndi wamiyala, umayambira pafupi ndi Dawson City mpaka ku Inuvik, mtunda woposa makilomita 700. Tengani matayala awiri apadera, ndipo mukafika pa Eagle Plains thirani mafuta mpaka thanki idzaze. Nyamazi zilibe kalendala: chaka china zimadzaza zigwa, chaka china zimadutsira kutali.

Mukadutsa malire amene mitengo imalekezera kumera mudzaona dziko lambee, lopanda ndi mthunzi womwe. Ambiri amati ndi dziko louma lopanda kanthu, ndipo mawu amenewa amandipweteka mtima. Imitsani galimoto, gwadani, muyang'ane pansi. Pamene mphepo yasesa chipale chofewa mudzapeza ndere zotuwa zanthambi ting'onoting'ono, zooneka ngati thonje. Chimenecho ndicho chakudya cha caribou nyengo yozizira. Zimazinunkhiza pansi pa chipale, n'kukumba ndi ziboda zawo zotambalala. Mukaona maenje ambiri okumbidwa chatsopano ndi ndowe zakuda zazing'ono, dziwani kuti gulu lili pafupi. Musamapondeponde nderezi, chifukwa zimakula mamilimita ochepa pachaka, ndipo zikawonongeka pamatenga zaka makumi kuti zibwerere.

Nyamazi zikayamba kuoneka, zimitsani injini ndipo mukhale m'galimoto. Akuluakulu a mtundu wa Gwich'in, omwe akhala akudalira nyamazi kuyambira kalekale m'midzi ngati Old Crow, amalangiza kuti zotsogolera zizisiyidwa zidutse kaye. Mukazidzidzimutsa, gulu lonse likhoza kusintha njira, ndipo mabanja odikira ndiwo kutsogoloko angatsale manja lende. Tsitsani galasi pang'ono mumvetsere: minyewa ya m'mapazi mwawo imalira kuti the-the-the pamene zikuyenda. Zazikazi nazonso zili ndi nyanga, choncho musafulumire kunena kuti mwaona zamphongo zokhazokha.

Kumene zimaswera, kuchigwa cha m'mphepete mwa nyanja ku Alaska kumayambiriro kwa Juni, sindikulangizani kupitako. Nyamazi zikhoza kuchepa kwambiri: gulu lina la ku Canada, la Bathurst, linatsika kuchoka pa 470,000 mu 1986 kufika pafupifupi 6,000 mu 2021. Onerani patali ndi bainokyula, ndipo drone isiyeni kunyumba.