Momwe mungasungire mbiri ya mafayilo owonongedwa ku ofesi ya maloya

Maofesi a maloya ku City Centre ndi ku Area 3 ali ndi makatoni a milandu yomwe inatha kalekale. Nthawi yosunga ikakwana fayilo imawonongedwa, koma mbiri yake yachidule, yomwe a zamakompyuta amati metadata, iyenera kutsala. Mwana wa kasitomala akadzabwera kudzafunsa, kapena dandaulo likafika ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, kungoyankha kuti "tinawotcha" sikungakuthandizeni.

Choyamba, tsimikizani kuti nthawi yakwanadi. Financial Crimes Act ya 2017 imafuna kuti zolemba zokhudza kasitomala ndi ndalama zake zisungidwe zaka zosachepera 7. Za malo musazifulumire, poti munthu amapatsidwa zaka 12 zoti akadandaule ku khoti. Mawilo ogawira chuma cha masiye ndi zikalata zenizeni za malo siziwotchedwa: abwezereni eni ake, asaine kuti alandira. Fayilo yomwe mlandu wake wadzukanso, isiyeni kaye.

Kenako tsegulani kaundula wa zowonongedwa musanakhudze pepala lililonse. Fayilo iliyonse ikhale ndi mzere wake: nambala ya fayilo, nambala ya mlandu ku khoti, mtundu wa nkhani, tsiku lotsegula ndi lotseka, gawo la ndondomeko yanu lomwe lalola kuwononga, loya amene wavomereza, tsiku ndi njira yowonongera. Dzina la kasitomala ndi la mbali inayo musafufute, chifukwa ndi omwe adzakuchenjezeni wina akadzafuna kuti mumuimire potsutsana ndi kasitomala wanu wakale.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa. Kalaliki amakopera mutu wa fayilo monga uliri, zotere: "kusudzulana, bambo anapezeka ndi matenda". Fayilo yapsa, koma chinsinsi chatsala poyera m'kaundula. Lembani "nkhani ya banja" basi. Chotsani nambala ya chiphaso cha unzika, ya foni, ya akaunti ya ku banki ndi ndemanga za loya. Data Protection Act ya 2024, yomwe amaiyang'anira ndi a MACRA, siilola kusunga zokhudza munthu kupyola nthawi yomwe zikufunikira, ndipo metadata nayonso ndi zokhudza munthu.

Tsopano wonongani. Mapepala apite m'makina onyenya kapena awotchedwe pamaso pa wogwira ntchito wanu. Mukangowapereka kwa wotaya zinyalala, mudzawapeza atakulunga mandasi ku Area 25. Pa kompyuta ntchito ndi yochulukirapo: seva, maimelo, flash, zomwe munasikana, ngakhale zikalata zomwe munatumizirana pa WhatsApp. Backup yakale, lomwe ndi kope lapadera la zomwe zili pa kompyuta, mwina singafufutike tsiku lomwelo, ndiye lembani m'kaundula tsiku lomwe idzafufutike, ndipo likafika mukaone ngati zachitikadi.

Pomaliza, wowononga ndi mboni asaine chikalata chotsimikiza, muchiphatike ku kaundula. Kaundulayo akhale ndi password, omusintha akhale anthu awiri kapena atatu okha, ndipo kope lina lisungidwe kunja kwa ofesi.