Werengani Masabata Musanafese: Dongosolo la Mbewu Kumapeto kwa Nyengo Yozizira

Masabata otsiriza a nyengo yozizira amapusitsa alimi ambiri. Masana dzuwa limayamba kuwomba mwamphamvu mpaka munthu kuganiza kuti chisanu chapita, koma usiku ndi m'bandakucha kumakhala kukuzizirabe, ndipo nthaka imachedwa kufunda kusiyana ndi mpweya umene timaumva pakhungu. Kum'mwera kwa dziko lapansi nyengo imeneyi imagwa mu Julaye ndi Ogasiti, pamene kumpoto imagwa mu Febuluwale ndi Malichi, koma ntchito ya mlimi ndi imodzimodzi kulikonse. Mbewu imene mufese sabata ino idzachita maluwa ndi kukhwima mu nyengo ina yosiyana kwambiri ndi ya lero, choncho dongosolo labwino liyenera kuyambira pa tsiku limene mukufuna kukolola, kenako muwerenge masabata chobwerera mpaka mupeze tsiku loyenera kufesa.

Titenge tomato. Mbande zake zimakhala pa nazale masabata 4 mpaka 6, ndipo mukawokera pamadutsa masabata ena 9 mpaka 12 kuti muthyole zipatso zoyamba, malinga ndi mtundu wake. Izi zikutanthauza kuti tomato wofesedwa lero adzayamba kupsa patapita miyezi itatu mpaka inayi, ndipo maluwa ake ambiri adzatuluka mwezi wachiwiri ndi wachitatu. Funso lofunika ndi lakuti kunja kudzakhala kuli bwanji pa nthawi imeneyo. Maluwa a tomato amayoyoka osabereka pamene masana kutentha kwapitirira madigiri 32 a Celsius masiku angapo otsatizana, ndipo samangika bwino ngati usiku kukuzizira kutsika pa madigiri 13. Mlimi amene wafesa mofulumira kwambiri amataya maluwa oyamba chifukwa cha kuzizira, ndipo amene wachedwa amataya maluwa apakati chifukwa cha kutentha. Mpata wabwino uli pakati, ndipo m'madera ambiri ndi wa masabata ochepa chabe.

Kuwerenga komweku kumathandiza kudziwa mbewu zimene nthawi yake yapita. Kabichi amafuna masabata 4 kapena 5 pa nazale ndi ena 10 mpaka 14 m'munda, ndiye kabichi wofesedwa tsopano adzakulunga mutu kunja kutatentha kale. Mitu yake imakhala yaing'ono ndi yosalimba, ndiponso mbozi zodya masamba a kabichi zimaswana msanga pa nyengo yotentha. Letesi ndi mpiru zimathamangira kutulutsa maluwa kukangofunda, masamba ake n'kuyamba kuwawa. Nsawawa nazo sizibereka bwino kukatentha. Ngati mukufunabe mbewu zokonda kuzizira, sankhani zocha msanga zimene mungathyole pasanathe masabata 6 kapena 8, kapena funani mitundu imene pa paketi yake palembedwa kuti imapirira kutentha. Anyezi ali ndi vuto lakelake, chifukwa amayamba kukhuthala pansi potengera kutalika kwa usana. Mukamufesa mochedwa, masiku akutalika kale, amafulumira kupanga mutu asanakhale ndi masamba okwanira, ndipo mumakolola timitu tating'ono ngakhale mutathira feteleza wochuluka chotani.

Mbewu zokonda kufunda, monga nyemba, chimanga, maungu, nkhaka, therere ndi tsabola, zisakankhidwire m'nthaka yozizira. Chimanga sichimera bwino nthaka ikazizira kutsika pa madigiri 10, nyemba zimafufuma n'kuwolera pansi ngati nthaka ili yozizira ndi yonyowa, ndipo therere ndi tsabola zimafuna nthaka yofunda kupitirira madigiri 20 kuti zimere mofanana. Amene ali ndi choyezera kutentha achizike masentimita 5 m'nthaka m'mawa kwa masiku angapo, chifukwa muyezo wa masana umanamiza. Kumbukiraninso kuti mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka usiku n'kukaunjikana m'malo otsika, kotero kuti kunsi kwa dimba kumatha kuwauka ndi chisanu pamene kumtunda kwa dimba lomwelo kulibe vuto. Nazale ikhale pamalo okwerako, ofika dzuwa la m'mawa ndi otetezedwa ku mphepo.

Nkhani imene ndikufuna kuti muiganizire mozama kuposa zonse ndi ya madzi, makamaka m'madera amene nyengo yozizira imatsatiridwa ndi miyezi yotentha yopanda mvula. Alimi ambiri amayeza kukula kwa dimba potengera madzi amene akuwaona m'chitsime kapena mumtsinje lero, kuiwala kuti mbewu zidzafuna madzi ambiri pa nthawi imene madziwo adzakhale atatsika. Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya madzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. M'nyengo yozizira ndiwo zamasamba zimatha kukhala ndi mamilimita 3 pa tsiku, koma kukatentha mbewu zitakula zimafuna mamilimita 5 mpaka 7. Dimba la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, limene lero likukwana ndi malita 600, lidzafuna malita pafupifupi 1,200 tsiku lililonse, omwe ndi makeni 120 a malita 10. Dzifunseni moona mtima ngati chitsime chanu chidzatulutse madzi amenewo m'mwezi wouma kwambiri, ndiponso ngati alipo anthu okwanira kuwanyamula. Ngati yankho ndi lokayikitsa, chepetsani malo tsopano musanawononge mbewu ndi manyowa. Zimandipweteka kuona tomato wosamalidwa bwino miyezi iwiri akufota ali ndi zipatso zosakhwima chifukwa chakuti madzi aphwa, pamene theka la malo omwewo likanafika pokolola.

Kuthirira kodukizaduliza nako kumawononga. Tomato amene wauma masiku angapo kenako n'kuthiridwa madzi ambiri nthawi imodzi amang'ambika zipatso kapena kuwola kunsi kwake. Konzeranitu zophimbira: udzu wouma wopanda njere kapena mapesi, zoyalidwa masentimita 5 kuchindikala, zimasunga chinyezi ndi kuchepetsa udzu womera. Musafulumire kuphimbira nthaka ikadali yozizira, chifukwa zophimbirazo zimaichedwetsa kufunda, ndipo poyala siyani mpata pang'ono kuzungulira tsinde kuti lisawole kapena kugwidwa ndi chiswe.

Mukadziwa kukula kwa malo, agaweni m'zigawo zofesedwa mosiyanitsa masabata awiri kapena atatu. Kufesa zonse tsiku limodzi kumachititsa kuti kuwokera, kupalira ndi kukolola zonse ziwunjikane, ndipo zokolola zimene sizisungika zimafika nthawi imodzi kuposa zimene banja lingadye kapena ogula angatenge. Kusiyanitsa kumatetezanso ku chisanu chobwera mochedwa, popeza chikawononga chigawo choyamba chachiwiri chimakhala chikadali pa nazale.

Pojambula mapu a zigawozo, lembaninso mbewu imene inali pamalo aliwonse zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Kasinthasintha wa mbewu amayendera mabanja a zomera, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Tomato, mbatatesi, tsabola ndi biringanya ndi banja limodzi, kotero kuchotsa tomato n'kuikapo tsabola sikusintha kanthu. Kabichi, mpiru ndi rapu nazo ndi banja limodzi. Maungu, nkhaka ndi mavwende chimodzimodzi. Banja lililonse lisabwerere pamalo omwewo pasanathe zaka 3 kapena 4, ndipo pakati pake dzalanipo chimanga, anyezi kapena mbewu za mtundu wa nyemba. Pozula zotsalira za mbewu za nyengo yozizira, musataye mwayi woyang'ana mizu. Mizu yotupatupa ngati mikanda, imene zotupazo zili mbali ya muzu weniweniwo, ndi chizindikiro cha tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timalowa m'mizu. Musasokoneze zotupa zimenezi ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba, timene timachoka mosavuta mukatipukusa ndi chala ndipo mkati mwake ndi mofiirira. Timeneto ndi tabwino, timawonjezera chonde m'nthaka. Ngati tomato anafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dulani kachidutswa ka tsinde cha m'munsi ndi kukaviika nsonga yake m'tambula yoonekera mkati ya madzi oyera, osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa tsindelo patapita mphindi zochepa, dziwani kuti ndi matenda ofotetsa a bakiteriya, amene amakhala m'nthaka zaka zambiri ndipo alibe mankhwala opopera. Malo otero asaonenso mbewu za banja la tomato kwa nthawi yaitali, ndipo madzi othirira asadutsepo kupita ku zigawo zina.

Chakudya cha nthaka chimafuna nthawi, n'chifukwa chake ntchito yake ndi ya tsopano. Mulu wa kompositi umene ukutembenuzidwa ndi kunyowetsedwa umapsa pa miyezi iwiri kapena itatu, koma kukazizira umachedwa. Ndowe zosawola zimawotcha mizu ya mbande, zimabweretsa njere za udzu, komanso zimatha kusiya tizilombo toyambitsa matenda pa masamba odyedwa osaphika. Malamulo a ulimi wachilengedwe a ku United States amafuna kuti ndowe zosawola zilowe m'nthaka masiku 120 kukolola kusanachitike ngati gawo lodyedwa limakhudza nthaka, ndi masiku 90 ngati silikhudza, ndipo muyezo umenewu ndi wothandiza kwa mlimi aliyense. Ndiwo zamasamba zambiri zimakonda nthaka ya pH 6 mpaka 7 (pH ndi muyezo wa asidi wa m'nthaka, ndipo nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka). Ngati kuyezetsa kwaonetsa kuti nthaka yanu ili ndi asidi wambiri, laimu athiridwe ndi kusakanizidwa miyezi iwiri kapena itatu musanadzale, chifukwa sagwira ntchito tsiku lomwelo.

Mbewu zimene munasunga ziyesedwe zisanapite pa bedi. Werengani njere 100, ziyaleni pa nsalu yonyowa, ipindeni ndi kuisunga pamalo ofunda osalola kuti iume, kenako werengani zomera pakatha masiku 7 mpaka 10. Zikamera zosakwana 70, fesani mowirikiza kapena gulani zina. Njere za anyezi zimatha mphamvu pakangopita chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene za tomato zosungidwa pouma ndi pozizira zimatha kumera patapita zaka 4. Njere zochotsedwa mu zipatso za mbewu ya haibulidi, imene pa paketi imalembedwa F1, zimamera ndithu koma sizibereka mofanana ndi kholo lake. Ino ndi nthawinso yoyesa ndi kupezeratu mbewu za kumunda waukulu, kuti mvula kapena kufunda kukafika musayambe kuthamangathamanga.

Pa nazale, mdani wamkulu kumapeto kwa nyengo yozizira ndi kuwola kwa mbande. Mudzaona kambande kamene dzulo kanali chilili kagwa pansi, ndipo mukakayang'anitsitsa tsinde lake lafinyika ndi kuda pamene lakhudzana ndi nthaka, ngati lamangidwa ndi ulusi. Zimenezi zimachitika pa bedi lofesedwa mothinana, lothiriridwa madzulo ndi kugona lonyowa usiku wozizira. Kwezani bedi masentimita 15, fesani m'mizere yotalikirana masentimita 10 mpaka 15, thirirani m'mawa, ndipo chotsani udzu wophimbira mbewu zikangoyamba kutuluka. Kukatsala masiku 7 mpaka 10 kuti muwokere, chepetsani madzi ndi mthunzi pang'onopang'ono kuti mbande zikhwime, ndipo kuwokerako kuchitike madzulo pa nthaka yothiriridwa kale.

Tizilombo timadzuka limodzi ndi kufunda. Nsabwe za m'masamba ndi akangaude ofiira amachuluka kukatentha ndi kuuma, ndipo amayambira kunsi kwa masamba kumene maso safika msanga. Mbozi ya Tuta absoluta, yoboola masamba ndi zipatso za tomato, imene inachokera ku South America ndipo inaoneka koyamba ku Spain mu 2006 isanafalikire mu Africa, imadutsa nyengo yozizira m'zotsalira za tomato ndi m'nthaka ya pamene anali. Zulani ndi kukwirira mozama tomato yense wakale masabata angapo mbande zatsopano zisanalowe m'dimba, ndipo nazale isakhale pafupi ndi munda umene ukukololedwabe. Kuyambira sabata yoyamba mutawokera, yenderani zigawo zonse kawiri pa sabata mukutembenuza masamba, ndipo masamba amene ali ndi timabala toyera toonekera mkati athyoledwe ndi kukwiriridwa tsiku lomwelo mbozi isanalowe mu zipatso.