Kukapuma ku South Coast ya KwaZulu-Natal: nthawi yake, njira, pogona ndi khalidwe la nyanja

Kummwera kwa mzinda wa Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, kuyambira pa Amanzimtoti mpaka kukafika ku Port Edward, matauni ang'onoang'ono andandana m'mphepete mwa nyanja yamchere ngati mikanda, pamtunda wa makilomita pafupifupi 140. Dera limeneli ndi lomwe eni ake amalitcha South Coast. Chimene chimakokera anthu kuno ndi madzi ofunda. Mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas umatsika kuchokera cha ku Mozambique utanyamula madzi otentha, motero m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nyanja imafika pa madigiri 24 kapena 25, ndipo ngakhale mu Julayi sitsika kwenikweni kupyola madigiri 20. Ku Cape Town madzi amazizira mpaka kupweteka m'mafupa, koma kuno mwana amasewera m'madzi mpaka zala kukwinyika. Malungo kulibe.

Nkhani yaikulu pa ulendowu ndi nyanjayo. Tsiku lonyamuka, tauni yogonamo, ola lopita kugombe, zonse muzisankhe poyang'ana iyo.

Nthawi yopitira

Kuyambira pakati pa Disembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale, sukulu ndi makampani omanga zimakhala zitatseka, ndipo anthu a ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Johannesburg, amatsikira kuno onse ngati ngumbi. Mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri, eni nyumba ambiri amakana kubwereketsa kwa masiku awiri okha, ndipo pa 16 Disembala, 26 Disembala ndi 1 Januwale pagombe posiya phazi pamasowa. Pali mbiri yake: mpaka mu Novembala 1989 magombe abwino ambiri anali a azungu okha, ndipo lero kupita kunyanja pa Chaka Chatsopano ndi mwambo umene mabanja amaunyadira. Ngati mukufuna chimwemwe cha chinamtindi cha anthu, nthawi yake ndi imeneyi, koma malo asungitseni miyezi itatu kapena inayi isanakwane.

Ngati mukufuna kupuma, pitani kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Mvula imakhala itachepa, chinyezi chotopetsa cha Febuluwale chitatha, madzi akadali ofunda, ndipo mitengo yatsika, kupatula sabata ya Pasaka.

Juni ndi Julayi ali ndi zawozawo. Masana kumawala dzuwa, usiku kumafuna juzi, ndipo ndi nyengo ya nsomba za sardine. Nsombazi ndi zokulirapo kuposa usipa, ndipo zimakwera kuchokera ku chigawo cha Eastern Cape zili m'chigulu chachikulu madzi a m'mbali mwa gombe akazizirirako. Pambuyo pake pamatsatira ma dolphin, shaki ndi mbalame zimene zimagwa m'madzi ngati mikondo. Zikakocheza kumtunda, tauni yonse imathamangira kugombe ndi ndowa, mabeseni, ena malaya amene. Koma dziwani ziwiri. Choyamba, nsombazi sizipangana ndi munthu tsiku, zaka zina zimabwera zochepa. Chachiwiri, zikayandikira, maukonde otchingira shaki amachotsedwa kuti asakole nyama zambirimbiri, ndipo kusambira kumaletsedwa, nthawi zina masiku angapo motsatizana. Amene wabwerera kusambira basi akhoza kubwerera ali wokhumudwa. Anangumi nawo amadutsa kuyambira Juni mpaka Novembala, ndipo mumawaona muli chiimire pamtunda.

Kafikidwe kake

Ochokera ku Johannesburg amatsika ndi msewu wa N3, makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Durban, maola ngati 6 ngati palibe chovuta. Pali ma toll gate asanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill. Sungani ma rand apamanja, chifukwa khadi ya banki yakunja ikhoza kukanidwa pazenera. Malo ofuna maso ndi Van Reenen's Pass, mutangodutsa Harrismith, pomwe nkhungu imatsika mwadzidzidzi ndipo mathiraki amayenda mondondozana, komanso chitsikirero cha Town Hill polowa Pietermaritzburg. Pamatsitso oterewa ikani giya yotsika. Kupondereza mabuleki njira yonse kumawatenthetsa mpaka kusiya kugwira.

Musanalowe mumzinda wa Durban, khoterani mu N2 yolowera kummwera. Scottburgh ili pa makilomita ngati 60, Port Shepstone ngati 120, Margate ngati 135. Apa ndi pomwe alendo ambiri amasochera: pa Port Shepstone, N2 imasiya nyanja n'kulowera kumtunda cha ku Harding ndi Kokstad. Wopita ku Margate, Ramsgate kapena Port Edward apitirire ndi R61. Msewu wakale wa R620 ndi umene umadutsa m'kati mwa Margate ndi Ramsgate, ndi wochedwa koma ndi womwe umakufikitsani pakhomo.

Oyenda pandege akumbukire kuti bwalo la King Shaka, lomwe linatsegulidwa mu 2010, lili kumpoto kwa Durban, makilomita ngati 35 kuchokera pakati pa mzinda. Ndiye kuti kupita ku Margate muyenera kudutsa mzinda wonse kaye, ulendo wa maola awiri. Konzeranitu galimoto yobwereka kapena kabasi konyamula alendo musanatere.

Wochokera ku Malawi ndi pasipoti ya Malawi amaloledwa kulowa popanda viza kwa masiku osapyola 30. Onani chidindo chimene akumenyerani pa Beitbridge kapena pabwalo la ndege musanachoke pazenera, ndipo werengani masikuwo kuphatikiza a panjira. Kupyoletsa, ngakhale pang'ono, kumachititsa kuti akuletseni kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Tenganinso adaputala, chifukwa mapulagi athu a mano atatu afulati salowa m'masoketi a kumeneko, omwe ndi a mano ozungulira.

Tauni iti

Margate ndiye pachimake: mashopu, malo odyera, nyimbo usiku, gombe lalikulu. Achinyamata amaikonda, koma banja la ana aang'ono lofuna kugona msanga mu Disembala lisankhe kwina. Ramsgate, yoyandikana nayo, ndi yabata. Uvongo ili ndi mathithi otalika mamita 23 amene amagwera m'dziwe pafupi ndi mchenga, ndipo gombe lake ndi lobisika pakati pa miyala, motero mphepo sivutitsa kwambiri. Scottburgh ili ndi kapinga wotambalala moyang'ana nyanja, pabwino kuyala mkeka ndi agogo, komanso ili pafupi ndi Durban kwa ofuna kukaona nyama za m'nyanja ku uShaka Marine World n'kubwerera tsiku lomwelo. Umkomaas ndi ya odumphira pansi pa nyanja, chifukwa matanthwe a Aliwal Shoal ali makilomita 5 okha kuchokera kugombe. Port Edward, kumalire ndi Eastern Cape pa mtsinje wa Mtamvuna, ndi yakutali ndi yachete. M'madzi a kufupi ndi kumeneko ndi momwe sitima ya Apwitikizi ya São João inasweka mu 1552.

Malo ambiri ogona ndi nyumba zodziphikira nokha, ndipo kwa banja ndi omwe amapulumutsa thumba. Ufa wa chimanga, nyama, ndiwo zamasamba zonse zili m'masitolo, nsima simuisowa. Musanalipire, funsani mafunso awa mosachita manyazi. Kodi pali thanki ya madzi? Derali limavutika ndi kuduka kwa madzi a m'mipopi, makamaka alendo akachuluka. Kodi zofunda ndi matawulo zilipo, kapena tibwere nazo? Kuchoka pakhomo kukafika pagombe lomwe pali opulumutsa anthu ndi mphindi zingati wapansi? Nyumba ikhoza kukhala yoyang'ana nyanja koma kutsogolo kwake kuli miyala yokhayokha. Ambiri amafunanso ndalama yachikole ya zinthu zosweka, choncho mukangolowa jambulani pafoni chilichonse chomwe mwachipeza chowonongeka.

Chenjerani ndi akuba a pa intaneti. Chaka chilichonse mabanja amafika mu Disembala ndi zikwama pakhomo la nyumba imene analipira pa Facebook, n'kupeza kuti mwini wake sakudziwa kanthu. Mtengo wotsika modabwitsa, ndi munthu wokukakamizani kutumiza ndalama lero lomwe, ndizo zizindikiro zake. Dzerani ku mawebusaiti odziwika kapena kwa ma ejenti okhala ndi ofesi m'tauniyo.

Ndipo tsekani mawindo mukamachoka, ngakhale pansanjika yachitatu. Apusi a kuno ndi ozolowera anthu. Amalowa pa kawindo ka kubafa, kutsegula kabati, kudya nthochi ndi buledi, n'kusiya shuga ali mbwee pansi. Musawapatse chakudya, mawa abwera ndi abale awo onse.

Nyanja iyi si ya ku Salima

Munthu amene anakulira ku Senga Bay, Mangochi kapena Nkhata Bay amafika kuno akudzidalira, ndipo kudzidalirako ndi komwe kumaika moyo pachiswe. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 6 aliwonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyana kwake kumayandikira mamita awiri. Pamene munayala nsalu 9 koloko pakhoza kukhala pali madzi pofika masana. Nthawi zimenezi zimalembedwa pa bolodi pagombe.

Sambirani pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu basi, nthawi imene opulumutsa anthu ali pantchito. Mbenderazo amazisuntha tsiku ndi tsiku malinga ndi momwe madzi akuyendera, ndipo akaimba wezulo, ndi inu akukuuzani.

Chimene chimapha anthu ambiri si shaki. Ndi madzi obwerera, amene kumeneko amati rip current. Mafunde akakhuthulira madzi kumtunda, madziwo amafuna njira yobwerera, ndipo amadzikumbira ngalande mumchenga momwe amathamangira kulowa m'kati mwa nyanja. Choipa chake n'chakuti pamalo pamenepo ndi pomwe pamaoneka pabwino: mafunde saswekapo, madzi ake ndi akuda pang'ono, odekha, thovu ndi zinyalala zikuyenda chotalikira gombe. Mlendo amasankha pomwepo poopa mafunde. Akakukokani, musalimbane nawo kusambira cholunjika kumtunda, chifukwa amathamanga kuposa munthu ndipo mudzatopa m'mphindi zochepa. Sakumizani pansi, amangokutengani. Gonani chagada kuti muyandame, kwezani dzanja limodzi, kenaka sambirani cham'mbali, motsata gombe, mpaka mutatuluka m'ngalandemo, ndipo mafunde adzakuthandizani kubwerera. Mukaona wina akukokedwa, musalumphiremo chimanjamanja. Itanani opulumutsa, imbani 112 pafoni, ndipo ngati pali choyandamitsa cha pinki chimene bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI limapachika pamitengo m'magombe ambiri, muponyereni chimenecho.

Musafulatire nyanja, makamaka pojambulitsa pamiyala. Mafunde sabwera ofanana, pakatha angapo aang'ono limabwera limodzi lalikulu. Kumene mchenga watsetsereka kwambiri, funde limasweka pagombe penipeni ndipo limatha kumenyetsa munthu mutu pansi. Ana aang'ono apititseni ku maiwe omangidwa pakati pa miyala, amene amadzaza okha nyanja ikakwera. Matauni ambiri ali nawo.

Za shaki, magombe odziwika amatetezedwa ndi bungwe la KwaZulu-Natal Sharks Board, lomwe linayamba mu 1964, patapita zaka zochepa shaki zitaluma ndi kupha osambira m'derali kuyambira mu Disembala 1957, alendo n'kuthawa. Maukonde ake si mpanda wotseka, amangochepetsa ngozi. N'chifukwa chake simuyenera kusambira mbandakucha, chisisira, usiku, kapena m'madzi amatope pafupi ndi pomwe mtsinje ukuthira.

Mvula yamphamvu ikagwa, dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Mitsinje imatsitsa zonyansa, ndipo chichitikireni kusefukira kwa madzi kwa mu Epulo 2022, komwe kunaononga mapaipi a zimbudzi m'dera la Durban, magombe ena amatsekedwa nthawi ndi nthawi majeremusi a E. coli akachuluka. Funsani opulumutsa anthu m'mawa womwewo. Maiwe a kumathiriro a mitsinje amaoneka okoma kwa ana chifukwa mulibe mafunde, koma madzi oima ndi omwe amasunga uve, ndipo mitsinje ya chigawochi ili ndi likodzo monga kwathu.

Mphepo ikaomba kuchokera kunyanja, pamchenga mudzaona timatumba tabuluu tokhala ndi ulusi wautali. Ndi ma bluebottle, ndipo amaotcha ngati chitedze champhamvu, ngakhale atafa. Wina akaotchedwa, musatikite. Chotsani ulusiwo ndi khadi kapena kamtengo, tsukani ndi madzi a m'nyanja, kenaka viikani m'madzi otentha amene khungu lingapirire kwa mphindi 20. Akayamba kubanika, thamangirani kuchipatala.

Mu Disembala dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane, ndipo mphepo imakonda kuyamba chakumasana. Pitani kugombe m'mawa, pofika 11 koloko muli pamthunzi. Khungu lakuda nalo limapsa, makamaka pamapewa ndi pamphuno, ndiye dzolani mafuta oteteza kudzuwa. Mchenga wa masana umawotcha mapazi a ana, asavule nsapato. Mowa ndi mabotolo agalasi n'zoletsedwa pagombe, apolisi amalanda. Kuwedza ndi mbedza kumafuna chilolezo. Foni ndi makiyi musasiye pansi pa thawulo onse n'kulowa m'madzi, mmodzi atsale, ndipo m'galimoto musasiye chikwama poonekera. Olondera magalimoto ovala zonyezimira amapatsidwa kangachepe pobwerera.

Tsiku limene nyanja yatsekedwa kapena kwachita mitambo, lowerani kumtunda ku Oribi Gorge, makilomita ngati 20 kuchokera ku Port Shepstone, kumene mtsinje wa Umzimkulwana unang'amba phompho lakuya pakati pa minda ya nzimbe. Mukadutsa ku Durban, lawani bunny chow, buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo nyama kapena nyemba zothira kale (curry). Itanitsani kota ya buledi, ndipo imadyedwa ndi manja, kuyambira ndi chibuledi chomwe aika pamwamba.

Pobwerera, malo ambiri amafuna makiyi pofika 10 koloko m'mawa, ndipo aliyense amalowa mu N2 nthawi yomweyo. Kumayambiriro kwa Januwale ndi Lolemba la Pasaka, mzere wa magalimoto pa Mariannhill ndi Mooi umatalika kwambiri. Pakirani katundu usiku, gwirizanani ndi mwini nyumba posiya makiyi, ndipo nyamukani 5 koloko m'mawa kuti Van Reenen's Pass mukaikwere kukadali kowala.