Kutsegula Mastodon kuti makasitomala anu asakhale m'manja mwa kampani imodzi

Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima limodzi kwa maola pafupifupi 6, chifukwa zonse ndi za kampani imodzi. Mwini loji ku Cape Maclear kapena wogulitsa usipa ku Makawa amene makasitomala ake onse ali pa WhatsApp, tsiku lotere amangogwira njakata. Akakutsekerani akaunti, palibenso ofesi pa Mangochi boma yoti mukadandauleko.

Mastodon ndi njira yochezera pa intaneti yonga Facebook, imene Eugen Rochko anaiyambitsa mu 2016, koma iyo ilibe mwini mmodzi. Ndi maseva (makompyuta osunga maakaunti ndi mauthenga a anthu) ambirimbiri, iliyonse ndi oiyang'anira ake, koma amalumikizana kudzera mu njira yotchedwa ActivityPub, monga mmene nambala ya TNM imaimbira ya Airtel.

Yambani ndi bandulo. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha siigwira pa Mastodon, gulani ya intaneti yonse. Kenako pitani pa joinmastodon.org musankhe seva. Apa musathamange: werengani malamulo ake, muonenso ngati yakhala zaka zingapo, chifukwa seva yaing'ono ya munthu mmodzi imatha kutsekedwa ndalama zikamuthera. Polembetsa amafuna imelo, osati nambala ya foni. Adiresi yanu idzakhala ndi zigawo ziwiri, dzina lanu ndi dzina la seva, ndipo pouza anthu muzipereka zonse.

Uthenga umodzi nthawi zambiri umalola zilembo 500. Palibe makina okankhira uthenga wanu kwa anthu, choncho ikani #Malawi ndi #Mangochi pansi pa chithunzi cha boti kapena chambo, apo ayi ochepa okha ndi amene adzauone. Tinene mosabisa: Amalawi akadali ochepa kumeneko. Aloji ndi otengetsa alendo panyanja ndi amene angapindule msanga, wausipa asasiye WhatsApp.

Mauthenga apadera a pa Mastodon sabisika kwa oyang'anira seva. Musalembemo PIN ya Mpamba kapena ya Airtel Money.

Chimene Facebook singakupatseni ndi kusamuka ndi anthu anu. Tsegulani akaunti pa seva yatsopano, mulembemo adiresi yakale pa gawo lotchedwa alias (dzina lina la akaunti yanu), kenako mubwerere ku yakale mukalamule kusamuka. Okutsatirani amapita okha kwatsopanoko, koma zimene munalemba zimatsala, ndipo mukasamuka mudikire masiku 30 musanasamukenso. Ambiri amalakwa podikira mpaka seva itafa. Zikatero kusamuka sikuthekanso, poti lamulo limayenera kuchokera ku seva yakale. Mukangoona chilengezo choti itsekedwa, samukani sabata yomweyo.

Mwezi uliwonse tsitsani mndandanda wa anthu amene mumawatsatira, umabwera ngati fayilo ya CSV, muusunge pa memori khadi. Manambala a makasitomala alembeninso m'kope, ndipo kopelo lizikhala m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe kudoko.