Kompyuta yakalamba: muiwonjezere mphamvu kapena mugule ina? Momwe wojambula zithunzi angadziwire

Mwana wa achemwali anga amajambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe kuno ku Harare, makamaka ku Mufakose, Mbare ndi Highfield komwe kuli anthu akwathu ambiri. Tsiku lina Lamlungu madzulo anandipeza kunyumba, laputopu ili kukhwapa, nkhope ili yakugwa. "Amalume, iyi yatha basi. Ndikadina chithunzi, ndimapita kukatereka madzi a tiyi n'kubwerako isanachitsegule. Ndibwerekeniko ndalama ndigule yatsopano."

Ndalamazo sindinamubwereke. Tinakhala pansi n'kuyamba kuifufuza kompyutayo kuti tione pomwe ikudwala. Ambiri amalumpha zimenezi. Kompyuta ikamachedwa, nthawi zambiri sikuti zonse zam'kati mwake zatopa ayi, pamakhala chinthu chimodzi chomwe chikugwira zinzake mwendo. Mukachipeza, ndiye mwadziwa ngati m'poyenera kukonza kapena kugula ina. Njira yomwe tinatsata ndi iyi.

Choyamba: ipatseni ntchito yeniyeni, muione ikutuluka thukuta

Musaiyeze kompyuta ili chete. Tsegulani pulogalamu yomwe mumakonzera zithunzi, kaya ndi Lightroom, Photoshop kapena ina iliyonse, mulowetse zithunzi za ukwati wathunthu. Ili mkati mogwira ntchito, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Patseguka Task Manager. Pitani pomwe palembedwa Performance, muyang'ane zinthu zitatu: CPU (purosesa, ubongo wa kompyuta), Memory (RAM, pomwe kompyuta imaika ntchito yomwe ikugwira panthawiyo) ndi Disk (diski yosungira mafayilo).

Disk ikakhala pa 100% osatsika, pomwe CPU ikungoyenda cha m'munsi, vuto ndi diski. Memory ikadzaza kufika cha m'ma 90%, RAM yachepa, ndipo kompyuta yayamba kubwereka malo pa diski, zomwe zimaichedwetsa kwambiri. CPU yokha ikakhala pa 100% nthawi yonse, ngakhale pamene mukungosintha kuwala kwa chithunzi chimodzi, vuto ndi purosesa, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yomwe tifikeko.

Dziwani kuti potulutsa zithunzi zomwe mwamaliza kukonza, CPU imafika pa 100% ngakhale pa kompyuta yatsopano. Ndi ntchito yake imeneyo, musachite nazo mantha.

Ya mnyamata uja, Disk inali pa 100%, Memory yodzaza thoo, koma CPU ikungosewera. Ndinadziwiratu kuti ili ndi moyo.

Chachiwiri: dziwani zaka zake

Pa Performance pomwepo, dinani CPU muwerenge dzina lomwe lili pamwamba. Anthu amanyengeka ndi kachikwangwani kolembedwa Core i5 kapena Core i7, koma msinkhu wa purosesa uli pa manambala otsatira. Pa i5-3320M, nambala yoyamba ija 3 ikutanthauza m'badwo wachitatu, wa mu 2012. Pa i5-8250U ndi m'badwo wachisanu ndi chitatu, womwe unatuluka mu 2017. Onse ndi i5, koma ndi gogo ndi mdzukulu.

M'badwo wachisanu ndi chitatu ndiwo malire omwe ine ndimagwiritsa ntchito, pa zifukwa ziwiri. China n'chakuti pa malaputopu wamba, i5 ya m'badwo umenewu ili ndi ma core anayi, tizigawo togwira ntchito nthawi imodzi, pomwe ya m'mbuyo mwake, monga i5-7200U, ili ndi awiri okha, ndipo kusiyanako kumaoneka poyera mukamatulutsa zithunzi mazanamazana. China n'chakuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel yoyambira m'badwo umenewu kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen yoyambira cha pa 2000, kuphatikizapo kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Kompyuta yakale siifa tsiku limenelo ayi, imayakabe. Kungoti opanga mapulogalamu amayamba kuisiya m'mbuyo pang'onopang'ono.

Chachitatu: ipukuteni kaye musanatulutse dola

Fumbi la Harare la mu Ogasiti mpaka mvula itagwa mumalidziwa. Limalowa mu fani n'kutseka timipata totulukira mpweya, ndiye kukatentha mu Okutobala purosesa imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Mukamva fani ikulira ngati chigayo, pansi pa laputopu pakuwotcha ntchafu, ipititseni kwa wokonza aitsegule, achotse fumbi, apakenso thermal paste watsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa. Chotsaninso mapulogalamu omwe amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka. Muwapeza mu Task Manager momwemo, pa Startup. Ndipo diski isadzaze mpaka pakamwa, isiyireni mpata wopumira.

Chachinayi: diski, pomwe pagona nkhani

Ngati kompyuta yanu idakali ndi hard drive yakale ija yozungulira, palibe chinthu china chomwe chingaisinthe msanga kuposa SSD, diski yamakono yosazungulira. Hard drive ya laputopu imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi ndipo imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi zinthu zikamayenda bwino. SSD wamba ya SATA imafika cha pa 500 MB pa sekondi, ndipo ya NVMe imatha kupitirira 3,000. Koma phindu lalikulu silili pa manambala okhawo. Lightroom imawerenga timafayilo tating'onoting'ono tambirimbiri tobalalika pa diski, ndiye hard drive imachita kuyendetsa kamkono kake uku ndi uku kufunafuna, monga munthu wosaka mtolo wake pa Mbare Musika. SSD ilibe chozungulira chilichonse, imangotola pomwepo.

Tiwerengere limodzi. Kamera ya ma megapixel 24 imatulutsa fayilo ya RAW, chithunzi chosakonzedwa monga chachokera m'kamera, ya pafupifupi 25 MB. Ukwati wa tsiku lonse, kuyambira kutchalitchi, kukajambulitsa ku Harare Gardens, mpaka ku madyerero ndi pelekanipelekani, mutha kubwerako ndi zithunzi 1,200. Amenewo ndi 30 GB a tsiku limodzi. N'chifukwa chake sindilimbikitsa SSD ya 128 GB ngakhale itatchipa chotani. Gulani ya 500 GB kapena kuposa, muikemo Windows, mapulogalamu, catalog ya Lightroom (fayilo yomwe imasunga zonse zomwe mwasintha pa zithunzi) ndi ntchito yomwe muli nayo pakali pano. Hard drive yakale ija musataye. Igulireni kabokosi ka USB, ikhale nkhokwe ya maukwati omwe munamaliza.

Musanagule, wokonza aone ngati kompyuta yanu imalandira SSD ya mainchesi 2.5 kapena yaing'ono ija ngati chingamu, ya M.2. Ndipo chonde, musanamasule chilichonse, koperani zithunzi zonse za makasitomala pamalo ena. Ukwati subwerezedwa. Ine ndimakonda kuika Windows mwatsopano kusiyana n'kusamutsa zonse za pa diski yakale, chifukwa kusamutsako kumanyamula ndi zinyalala zomwe. Mumangofunika fulashi ya 8 GB.

Chachisanu: RAM, koma funsani kaye

Adobe yokha imanena kuti Lightroom Classic ndi Photoshop zimafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo imalimbikitsa 16 GB. Ndi 4 GB mukungodzizunza. Ndi 8 GB ntchito imayenda ngati simutsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndi 16 GB mumaiwala zoti kuli RAM.

Mu Task Manager, dinani Memory muone pomwe palembedwa Slots used. Pakalembedwa 1 of 2, muli ndi mpata umodzi wopanda kanthu. Mtundu wake muudziwa ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa CPU-Z, komwe kamakuuzani ngati ndi DDR3 kapena DDR4.

Apa ndiulule zanga. Zaka zingapo zapitazo ndinakwera kombi kupita m'tauni, ndinagula RAM pa kasitolo kena osafunsa, poganiza kuti RAM ndi RAM basi. Kufika kunyumba, ndikuikankha, ikukana. Kampata kake kodula sikanali pamalo amodzi ndi ka m'laputopu yanga, chifukwa ine ndinagula DDR4 pomwe makina anali a DDR3. Nditabwerera mawa lake anandiuza kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Safunsa anadya phula. Chiyambire tsiku limenelo ndimanyamula laputopu yomwe, aiike RAM ine ndikuona, tiyatse, ndione kuti yawerengedwa, kenako ndilipire.

Malaputopu ena opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pa bolodi, siichoka. Ma MacBook Pro ndi choncho kuyambira a Retina a mu 2012, ndipo a M1 omwe anayamba mu 2020 simungawonjezere RAM kapena kusintha SSD yam'kati. Onaninso kuti Windows yanu ndi ya 64-bit, chifukwa ya 32-bit siigwiritsa ntchito RAM yopitirira 4 GB ngakhale mutaikamo yochuluka bwanji.

Chachisanu ndi chimodzi: sikirini

Ichi anthu sachiganizira n'komwe, chonsecho ndi chomwe kasitomala amachiona. Tsegulani chithunzi, mupendeketse sikirini pang'ono cham'mbuyo. Mitundu ikasintha, pakuda n'kuyera, sikirini yanu ndi ya mtundu wa TN, ndipo imanama. Mumakonza chithunzi usiku wonse, kwa inu chikuoneka bwino, koma mukakachapitsa nkhope ya mkwatibwi yatuluka yotuwa, zoyera za amayi a Mvano zapserera osaonekanso mapindo, chitenje chofiira chasanduka cha lalanje. Kujambula khungu lakuda pambali pa diresi loyera n'kovuta kale, ndiye sikirini yonama imangowonjezera mavuto.

Yesani izi: tumizani chithunzi chomwecho pa foni ziwiri zabwino, muyerekeze ndi za pa laputopu. Chithunzi cha maluwa a jakaranda a mu Okutobala chimathandiza, chifukwa mtundu wake umapusitsa masikirini otchipa. Ngati kusiyana kuli kwakukulu, mankhwala ake si laputopu yatsopano ayi. Ndi monita yapadera ya mtundu wa IPS, yosasintha mitundu mukaipendeketsa, yoonetsa pafupifupi mitundu yonse ya sRGB, yolumikiza ndi chingwe cha HDMI. Ubwino wake, monitayo idzakutumikiranibe ngakhale mutadzasintha kompyuta.

Tsopano werengerani

Lembani mtengo wa SSD, RAM, batire ngati lafa, ndi wa wokonza. Kenako yendani m'tauni, ku Gulf Complex ndi masitolo ena, mufunse mtengo wa laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposa, yokhala ndi 16 GB ndi SSD. Lamulo langa, lomwe si la m'buku lililonse, n'lakuti kukonza kukapitirira theka la mtengo umenewo, siyani.

Ngati purosesa yanu ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, wonjezerani SSD ndi RAM mosakayika. Ngati ndi yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chiwiri, SSD yokha ndi yoyenera, poti mudzaichotsa n'kuiika m'kompyuta ina, koma yambani kusunga ndalama. Yakale kuposa pamenepo, ngati kujambula ndiko kumakudyetsani, musathiremo ndalama zambiri. Ipatseni ana azilembera za kusukulu. Koma ngati mumangojambula za pabanja ndi za kutchalitchi, kompyuta yotereyi itha kupirira ndi mapulogalamu aulere monga GIMP, darktable ndi RawTherapee, omwe safunanso kulipira mwezi ndi mwezi monga zimakhalira ndi a Adobe.

Pali chimodzi chomwe SSD ndi RAM sizingathetse. Zida zatsopano za AI, monga Denoise yomwe Lightroom inabweretsa mu 2023 yochotsa timadontho pa zithunzi zojambulidwa mumdima, zimadalira graphics card, kachipangizo kogwira ntchito ya zithunzi m'kompyuta. Pa laputopu yakale chithunzi chimodzi chimatha kutenga mphindi zingapo, ndipo graphics card ya laputopu siisinthidwa. Ngati mumajambula kwambiri m'maholo a mdima ndipo mukufuna zimenezi, ndiye kuti nthawi yogula ina yakwana.

Mukaganiza zogula ina

Desktop imapereka mphamvu zambiri pa ndalama yomweyo ndipo n'njosavuta kuwonjezera zinthu, koma kumbukirani komwe tikukhala. Madzi akachepa ku Kariba magetsi amathima maola ambiri, ndipo akathima mwadzidzidzi Lightroom ili mkati molemba, catalog itha kuwonongeka. Laputopu ili ndi batire lake, ndipo yambiri imakoka mawati 45 mpaka 65 okha, oti kasola ndi kainveta kakang'ono kamakwanitsa. Desktop yokhala ndi graphics card yamphamvu imakoka mawati mazana angapo, ndiye muwerengere ndi UPS yomwe, batire loigwirizira magetsi akathima.

Malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito kunja omwe amawatcha ex-UK, monga HP EliteBook, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad, anapangidwira m'maofesi ndipo ndi olimba, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musagule chifukwa chakuti yawala. Iyatseni m'sitolo momwemo, mutsegule Task Manager muwerenge nokha purosesa ndi RAM. Tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, muyerekeze mphamvu yomwe batire linali nayo lili latsopano ndi yomwe latsala nayo. CrystalDiskInfo ikuuzani thanzi la diski. Nyamulani fulashi yokhala ndi mafayilo anu a RAW khumi, ndipo funsani kuti akupatsa masiku angati oti mungabweze, alembe pa lisiti.

Ya mwana wa achemwali uja inapezeka kuti ndi i5-8250U, ya RAM 4 GB ndi hard drive ya 1 TB. Tinaikamo SSD ya 500 GB, tinakweza RAM, tinachotsa fumbi lokwana kudzaza kabokosi ka machesi. Loweruka lotsatira anajambula chinkhoswe ku Dzivarasekwa, ndipo pofika Lachiwiri zithunzi zinali zitafika kwa eni ake pa WhatsApp. Sikirini yake idakali yonama ija, ndiye pano akusungira monita, ndipo akuti mwezi wamawa andipezanso kunyumba.