Kukulitsa khama losaka mwa galu wogwira ntchito ndi mphuno

Mphuno ya galu ndi yamphamvu kale, siifuna kuti inu muiwonjezere kanthu. Tinthu tolandira fungo m'mphuno mwa galu timaposa 200 miliyoni, pomwe ife anthu tili nato pafupifupi 6 miliyoni. Chimene agalu amasiyana ndi khama: chinthu chikabisika, galuyo apitiriza kufunafuna kwa nthawi yaitali bwanji, popanda womuchemerera? Ndikamasankha kapena kuphunzitsa galu, pamenepa ndi pamene ndimaikapo maso.

Yambani ndi kumuyesa. Anthu ambiri amanyengeka ndi galu wothamangitsa mpira. Mukauponya amaliyatsa liwiro, fumbi kobo, mwini wake n'kumati wapeza katswiri. Komatu apo galu akugwiritsa ntchito maso. Inu mugwireni pakolala, ponyani mpira m'udzu wautali iye akuona, kenako muzungulitseni kuti aiwale pamene wagwera, ndipo mumusiye. Wina amathamangira komweko, n'kusuzumira pang'ono, n'kubwerera kudzakuyang'anani kumaso ngati akufunsa kuti zatani. Wina amatsitsa mutu, mchira ukugwedezeka, mphuno ikumveka fwe fwe fwe, n'kumazungulira malowo mpaka atulutsa mpirawo. Wachiwiriyu ndiye wantchito. Tsiku lina dikirani mphindi imodzi musanamumasule, kenako ziwiri, kenako zisanu. Muyeseninso pamalo achilendo, pafupi ndi nkhuku kapena mbuzi, muone ngati mtima wake ukhalabe pa mpira.

Mtundu wa galu usakutengeni mtima kwambiri. N'zoona kuti apolisi ndi oteteza nyama amakonda Belgian Malinois, Labrador ndi springer spaniel. Koma bungwe la ku America la Working Dogs for Conservation, lomwe linathandiza bungwe loteteza nyama la Conservation South Luangwa ku Mfuwe, m'dziko la Zambia, kuyambitsa gulu la agalu ofufuza minyanga ya njovu, mfuti ndi nyama yam'tchire mu 2014, limadziwika ndi kutenga agalu osiyidwa, amene eni ake anawalephera chifukwa chopengera mpira. Ndipo amene anapitako kuuzimba akudziwa kuti galu wakumudzi amatha kutsata kalulu mpaka dzuwa kupendeka.

Mukamupeza wotere, funani malipiro ake, chinthu chomupatsa akagwira bwino ntchito. Osati amene inu mukuganiza kuti ndi abwino, koma amene iye amafera. Ena ndi mpira, ena ndi kukokana nsanza, ena ndi chakudya: usipa wouma, bonya, tizidutswa ta chiwindi chowiritsa. Chinthucho chisamapezeke wamba. Mpira umene umangogona pabwalo tsiku lonse, ana n'kumaumenya, umatha mtengo. Ubiseni m'nyumba, uzituluka nthawi yantchito yokha. Ngati malipiro ndi chakudya, phunzitsani asanadye, koma kumumana chakudya kuti achite khama ndi nkhanza, ndipo galu wanjala yoopsa amangotola chilichonse chapansi.

Masiku oyamba asake malipirowo mwachindunji. Ikani makatoni angapo pabwalo, m'katoni imodzi muikemo usipa iye akuona, mumusiye apeze. Zikhale zophweka, apambane nthawi iliyonse. Kenako bisani asakuona, kenako chotsani makatoni n'kumabisa m'munsi mwa mpando, kuseri kwa ndowa, pamng'alu wa khoma, pamwamba pa tayala la njinga. Onjezani chovuta chimodzi pa nthawi: mukakulitsa malo, musakwezenso chobisikacho m'mwamba tsiku lomwelo.

Fungo lenileni limene mukufuna kuti azisaka limabwera pambuyo pake. Pakhomo ine ndimagwiritsa ntchito masamba a tiyi otsekeredwa m'kachitini kobowola tizibowo, kuti galu amve fungo koma asadye, poti tiyi amamudwalitsa. Poyamba kachitiniko kazikhala pamodzi ndi usipa. Pakapita nthawi chotsani usipawo, ndipo mphuno yake ikangofika pakachitini, perekani malipiro pomwepo, dzanja lanu litagunda kachitiniko. Mukamuitanira kwa inu kuti adzalandire, mukumuphunzitsa kuti phindu lili m'thumba mwanu, ndipo ayamba kusiya fungo n'kumayang'ana inu. Kachitiniko muzikagwira ndi pepala lapulasitiki kapena chopanira, apo ayi galu aphunzira kusaka thukuta la m'manja mwanu. Muziikanso zitini zopanda kanthu kuti asamangofuna chitsulo.

Tsopano chovuta kwambiri, ndipo vutoli ndi la munthu, si la galu: khalani chete. Galu akasokonezeka mtima umakupwetekani, mumafuna kuloza ndi chala, kapena kubwereza kuti "saka, saka, saka". Nenani kamodzi basi. Nthawi iliyonse imene mwamuthandiza, akuphunzira kuti akavutika pang'ono angoima, bwana abwera kudzamaliza. Zili ngati mwana amene mumamulembera homuweki: mawa safunanso kugwira pensulo. Akakuyang'anani, inu yang'anani kumalo osakako, manja kumbuyo. Ngati zakanikadi, muchotseni pamalopo mwakachetechete, mufewetse ntchitoyo, muyambirenso.

Ngakhale mutatseka pakamwa thupi lanu limalankhula. Mu 2011 Lisa Lit ndi anzake a ku University of California, Davis, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayesa agalu 18 ofufuza mankhwala ozunguza bongo ndi mabomba, aliyense ndi womuyendetsa wake. Oyendetsa agalu anauzidwa kuti m'zipinda muli fungo, ndipo kuti malo ena aikapo pepala lofiira losonyeza pamene pali fungolo, pomwe munalibe fungo lililonse. Agaluwo analoza molakwika maulendo oposa 200, kawirikawiri pamene panali pepalalo. N'chifukwa chake galu akangozolowera masewerawa ndimatuma mwana kuti akabise, ine osadziwa pamene waika. Ndikamadziwa, phazi limachedwa lokha ndikafika pafupi, ndipo galu amaona.

Lekani iye akufunabe. Mphindi zisanu zotentha zimaposa theka la ola lokokana. Akapeza bwino, mchira uli m'mwamba, musati "kamodzinso". Tengani mpira wanu, mubwezereni kokhala kwake, akhale akulakalaka. Khama likakhazikika mungayambe kutalikitsa kusakako, ndipo nthawi zina mumupatse malo opanda kanthu kuti adziwe kuti si paliponse pamene pali chinthu. Akatero, tsatizani ndi kusaka kophweka kuti asagwe ulesi.

Za nyengo mwachidule. Galu sangathe kupumira m'kamwa lilime lili panja n'kumanunkhiza bwino nthawi imodzi, choncho mu Okutobala phunzitsani m'mamawa kapena dzuwa litapepa, madzi ali pafupi. Muyambitseni mphepo ikumuwomba kumaso kuchokera kumene mwabisa. Kafumbi kochepa mukakawaza m'mwamba kakuuzani kumene ikulowera.

Galu amene anali wakhama akangozilala mwadzidzidzi, musathamangire kunena kuti wachita mwano. Muoneni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, muone ngati nkhama zake zayera, ngati akudya, ngati akutsimphina, ndiponso kuti mankhwala a njoka zam'mimba anamwa liti. Matenda obwera ndi nkhupakupa amayamba ndi kufooka kotereku, ndipo ofunika apo ndi avetenale. Kumukalipira kapena kumukwapula pa nthawi yosaka kumangomuphunzitsa kuti fungolo limabwera ndi mavuto, ndipo mawa akalimva adzalilambalala dala.