Momwe mungajambulire bolodi ya PCB ndi kuitumiza ku fakitale muli kuno ku Mangochi

Ntchito zambiri za magetsi ang'onoang'ono kuno ku Mangochi zimathera pa veroboard kapena pa mawaya okulungidwa ndi tepi, ndipo zimagwira ntchito mpaka chinyezi cha kunyanja ndi kugwedezeka kwa boti zitamasula polumikizira. Munthu amene akufuna kupanga zipangizo zambiri zofanana, monga zoyang'anira mabatire a nyali za LED zimene asodzi a usipa amayatsa usiku kapena zoyendetsa pampu ya sola, ayenera kudziwa kujambula bolodi yakeyake ya PCB, imene imakhala ndi njira za mkuwa m'malo mwa mawaya. Chitsanzo chimene nditsatire pano ndi bolodi yaing'ono yodula magetsi batire la 12 V likatsika kwambiri, yotha kunyamula 5 A. Ndikuyesa kuti owerenga mukudziwa kale kuwerenga datasheet ndi kuwotcherera tizipangizo, choncho zimenezo sindizifotokoza.

Yambani ndi kusankha pulogalamu. Ine ndimagwiritsa ntchito KiCad, imene Jean-Pierre Charras anayamba kulemba ku France mu 1992 ndipo pambuyo pake akatswiri a ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, anathandiza kuikuza. Ndi yaulere, ilibe malire pa kukula kwa bolodi, ndipo mukaiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, chinthu chofunika kwa ife amene timawerengera bandulo. Fayilo yake yoikira pa Windows ndi yaikulu kwambiri, choncho ndi bwino kuti mmodzi aitsitse pamene pali Wi-Fi ndipo ena akopere pa flash. EasyEDA ndi yosavuta kuphunzira ndipo ndi yolumikizana ndi fakitale ya mabolodi ya JLCPCB komanso sitolo ya tizipangizo ya LCSC, koma imadalira kwambiri intaneti. Altium Designer ndi ya makampani okhala ndi ndalama, ndipo makope ake obedwa amene amayenda pa ma flash musawaike pa kompyuta imene mumasungapo ntchito za makasitomala, chifukwa simudziwa chimene wina anabisamo. EAGLE musayambe kuiphunzira tsopano, popeza Autodesk inalengeza kuti idzasiya kuisamalira mu June 2026.

Musanajambule mzere uliwonse, gulani tizipangizo tonse timene tili ndi thupi lalikulu kapena miyendo yachilendo: relay, ma terminal olowetsamo mawaya, chogwirira fyuzi, ma capacitor aakulu, MOSFET ndi bokosi limene bolodi idzakhalemo. Mabuku ambiri amaika kugula kumapeto, chifukwa analembedwa kumene munthu amaitanitsa chipangizo chenicheni lero ndipo chimafika mawa. Kwathu kuno mumagwiritsa ntchito chimene mwapeza ku Limbe, ku Lilongwe kapena chimene mwazula pa UPS yakufa, ndiye bolodi iyenera kujambulidwa motsatira chimene chili m'manja mwanu.

Schematic, chithunzi cha momwe tizipangizo talumikizirana, siivuta kwa amene anayesa kale ntchito yake pa breadboard. Ikani zizindikiro za tizipangizo, lumikizani, ndipo mizere yofunika muipatse maina monga BAT, LOAD ndi GND m'malo mokoka mawaya aatali odutsana. Chip chilichonse chikhale ndi capacitor ya 100 nF pa mwendo wake wa magetsi. Ikaninso fyuzi polowera ndi chitetezo cha batire lolumikizidwa mozondoka, chifukwa usiku pa nyanja, pamene nyali zazima ndipo anthu akufulumira, wina adzalumikiza waya wofiira pamalo pa wakuda. Ngati MOSFET ikuyendetsedwa ndi microcontroller ya 5 V, sankhani yonga IRLZ44N. IRFZ44N, imene imapezeka kwambiri m'masitolo, imafuna pafupifupi 10 V pa gate kuti itseguke mokwanira, ndipo ikapatsidwa 5 V yokha imatentha. Mukamaliza yendetsani ERC, imene imafufuza zolakwa pa schematic, ndipo chenjezo lililonse muliwerenge musanalinyalanyaze.

Tsopano tafika pa gawo limene ndikufuna muchedwepo, la ma footprint, kutanthauza chithunzi cha mabowo ndi timagawo ta mkuwa pamene chipangizo chidzakhale. ERC ndi DRC, imene imafufuza zolakwa pa bolodi yojambulidwa, sizingakuuzeni kuti footprint ndi yolakwika, chifukwa pulogalamu siidziwa chimene chili m'thumba mwanu. Imangoona kuti mwendo 1 wa pa schematic walumikizidwa ndi bowo 1 la pa bolodi, basi.

Pa mabolodi ena a nyali za asodzi ndinakumana ndi zinthu zitatu pa nthawi imodzi, ndipo zonse zinachokera pa kusiyana kwa chimene chinalembedwa pa risiti ndi chimene chinali m'pepala lokulungira. Choyamba chinali ma terminal. Amene ndinaitanitsa anali a mpata wa mamilimita 5.08 pakati pa miyendo, koma wogulitsa anatumiza a mamilimita 5.00, ndipo ndi maso simungawasiyanitse. Pa terminal ya miyendo iwiri kusiyanako ndi mamilimita 0.08 okha ndipo imalowa bwinobwino, koma mukalumikiza miyendo 8 pa mzere umodzi kusiyana kumakwana mamilimita 0.56, ndipo mwendo wotsiriza umakana bowo lake. Chachiwiri chinali transistor yoyendetsa relay. Bolodi inajambulidwa ya 2N3904, koma m'sitolo munali BC547 ndipo mnyamata wogulitsa anati ndi chimodzimodzi. Pa ntchito iyi zimafanana ndithu, ndipo thupi ndi limodzi la TO-92, koma miyendo ndi yotembenuka: mukayang'ana mbali yophwatalala miyendo ili pansi, 2N3904 imayamba ndi emitter pamene BC547 imayamba ndi collector. Chovuta chake ndi chakuti transistor yoikidwa motembenuka siifa, imangogwira ntchito mofooka, choncho relay inkagwira batire likakhala lodzaza ndi kulephera likatsika pang'ono, ndipo munthu amayamba kukaikira pulogalamu ya mu microcontroller pamene vuto lili pa mwendo. Mankhwala ake ndi kuitembenuza basi, koma kuti mufike pozindikira zimenezo pamapita nthawi.

Chachitatu ndicho chinawononga mabolodi. Relay zimene zinabwera zinali ndi miyendo yokulirapo kuposa mabowo. Munthu amafuna kungotenga kadirilo ndi kukulitsa bowo, koma pa bolodi ya mbali ziwiri m'kati mwa bowo muli mkuwa wopyapyala umene umalumikiza pamwamba ndi pansi, ndipo dirilo imaukokolola. Mukatero njira ya pamwamba imaduka mosaoneka, ndipo pansi pa relay simungafikepo kuti muwotcherere mbali ya pamwamba.

Njira yopewera zonsezi ndi yotsika mtengo. Yezani chipangizo chilichonse ndi vernier caliper, osati ndi rula ya kusukulu, ndipo muyerekeze ndi chithunzi cha miyeso cha mu datasheet, mukuonetsetsa ngati chithunzicho chikuonetsa chipangizo kuchokera pamwamba kapena pansi, chifukwa relay zambiri amazijambula kuchokera pansi. Bowo likhale lalikulu kuposa mwendo ndi mamilimita 0.2 kapena 0.3, ndipo pa miyendo ya ngodya zinayi yezani kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya yopingasa. Kenako sindikizani bolodi pa pepala pa muyeso wa 1:1. Mukapita kwa osindikiza a mu tauni, imani pomwepo ndipo muwauze kuti achotse zoti chithunzi chikwanire pa pepala, chifukwa makina ambiri amachepetsa pang'ono mosakuuzani. Jambulani mzere wa mamilimita 100 m'mbali kuti muuyeze pepala likatuluka. Ikani pepalalo pa siponji kapena pa katoni ndipo mubaye chipangizo chilichonse pa mabowo ake. Chimene chikukana pa pepala chidzakananso pa bolodi. Miyendo ya transistor muiyeze ndi multimeter pa gawo la diode, musakhulupirire dzina lolembedwa pamwamba, popeza pali ogulitsa ena a pa intaneti amene amapala dzina lakale ndi kulemba lina. MOSFET yotchipa modabwitsa imene ikutentha pa 2 A nthawi zambiri imakhala ya mtundu umenewu. Ngati footprint yoyenera mulibe mu laibulale ya KiCad, jambulani yanu. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo muisunge mu laibulale ya pulojekiti yomweyo kuti isasowe mukasintha kompyuta.

Pa tizipangizo ta pamwamba topanda mabowo, sankhani kukula kwa 0805, kumene ndi mamilimita 2.0 ndi 1.25, ngati mudzawotcherera ndi dzanja. Ta 0603 timatheka kwa wa maso akuthwa, koma tochepera apo musadzivute.

Ma footprint akakhala bwino, jambulani malire a bolodi pa gawo la mu KiCad lotchedwa Edge.Cuts motsatira bokosi lanu, ikani mabowo a mabawuti, kenako ma terminal m'mphepete pamene waya adzalowere mosavuta. Kuika tizipangizo pamalo oyenera ndiko kumatenga nthawi yambiri, ndipo kukachitika bwino njira za mkuwa zimangodziongola zokha. Capacitor ya 100 nF ikhale pafupi kwambiri ndi mwendo wa chip, ndipo zonse zotentha zitalikirane ndi ma capacitor a electrolytic, amene amauma msanga akamatenthedwa.

Kukula kwa njira za mkuwa muwerengetsere ndi chowerengera cha mu KiCad, chimene chimatsatira muyezo wa IPC-2221. Pa mkuwa wa masiku onse wa 1 oz, umene ndi wochindikala ma micrometre 35, njira ya kunja yololedwa kutentha madigiri 10 pamwamba pa kutentha kwa malo imafuna pafupifupi mamilimita 0.3 pa 1 A ndi mamilimita 2.8 pa 5 A. Kuno musalole kuposa madigiri 10 amenewo, chifukwa mu October ndi November bokosi lotsekedwa lili pa dzuwa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay limakhala litatentha kale magetsi asanadutse. Pa 5 A ine ndimaika mamilimita 4 kapena kudzaza mkuwa mbali zonse ziwiri ndi kuzilumikiza ndi ma via ambiri, timabowo ta mkuwa tolumikiza pamwamba ndi pansi. Mbali ya pansi ikhale GND yodzaza, yosadulidwadulidwa ndi njira zazitali. Ngati bolodi ikukhudza magetsi a ESCOM a 230 V, gawo limenelo likhale palokha, ndipo ine ndimasiya mamilimita 8 opanda mkuwa pakati pake ndi gawo la 12 V, pamodzi ndi mng'alu wodulidwa pa bolodi pansi pa relay, chifukwa fumbi lonyowa limadutsitsa magetsi. Autorouter, imene imajambula yokha njira za mkuwa, isiyeni.

Pa silkscreen, gawo la zolemba zosindikizidwa pamwamba pa bolodi, lembani + ndi - zazikulu pa ma terminal, dzina la bolodi ndi nambala ya mtundu wake. Lowetsani malire a fakitale yanu mu Board Setup, dzazaninso mkuwa podina B, yendetsani DRC mpaka isapeze cholakwa, ndipo muione mu 3D kamodzi. Tulutsani mafayilo amene fakitale imawerenga, otchedwa Gerber, a mkuwa, solder mask (utoto wophimba mkuwa), silkscreen ndi malire, onjezani fayilo ya mabowo ya Excellon, mangani zonse mu zip, ndipo muzitsegule mu Gerber viewer musanatumize.

Mafakitale a ku China monga JLCPCB ndi PCBWay amapanga mabolodi asanu a mbali ziwiri osapitirira mamilimita 100 mbali zonse pa madola ochepa chabe. Sankhani bolodi ya mtundu wa FR-4 ya mamilimita 1.6, mkuwa wa 1 oz ndi chokutira mkuwa cha HASL; cha ENIG ndi cha ma chip a miyendo yothinana ndipo pano mungotaya ndalama. Chokwera mtengo ndi kutumiza, msonkho wa MRA ndi kupeza khadi yolipirira kunja pamene ndalama zakunja zikusowa, choncho sonkhanani anthu angapo ndi kuitanitsa pamodzi. Anthu oima pakati amene amati adzakuitanitsirani pa mtengo wa theka muwafunse nambala yolondolera katundu musanawapatse ndalama yonse. Amene akufulumira angathe kusindikiza ndi laser printer, kusita chithunzicho pa bolodi ya mkuwa ndi simbi ndi kuiviika mu ferric chloride, koma njira zikhale zazikulu, mbali ikhale imodzi, ndipo madzi otsalawo asatayidwe mu ngalande yopita ku Shire.

Mabolodi akafika, yezani ndi multimeter kuti BAT ndi GND sizikukhudzana, wotchererani gawo la magetsi lokha, liyeseni kudzera mu babu la galimoto loikidwa pakati pa batire ndi bolodi, kenako ikani zotsalazo. Ya pa boti muitsuke ndi isopropyl alcohol ndi kuipopera conformal coating yoteteza ku chinyezi, mutaphimba ma terminal ndi chogwirira fyuzi ndi tepi.